Mwala wa a Zacharia

Pakhomo pa amayi Jenala ku Buchi pali mwala waphanthiphanthi, ndipo mwalawo unkawawawa mumtima. Malemu amuna awo, a Zacharia, akaweruka ku mgodi sankalowa m'nyumba msanga. Ankafikira pamwalapo n'kumayang'ana kumwamba, tiyi akuzizira patebulo. Akawaitana, yankho linali "ndikubwera" basi. Ukwati wonse amayi Jenala ankangodzifunsa: kodi munthuyu nyumba yanga imamutentha, kapena nkhope yangayi anatopa nayo? Bambowo anapita kumanda funsolo lisanayankhidwe.

Mwana wawo Racheal amapanga masamba a pa intaneti ku Ndola. Loweruka lina anatsika minibasi laputopu ili m'khwapa, akuti akupanga gemu ya mgodi yoti aliyense azingoitsegula pa intaneti n'kusewera. Anali ataitananso a Fidelis, nkhalamba yosasunga mawu m'kamwa, amene ankatsikira mumgodi pa chikepe chimodzi ndi malemuwo.

Amayi Jenala anasuzumira. Mbali imodzi ya laputopu kunali kamunthu kovala chipewa cha nyali, kakuyenda m'ngalande. Mbali inayo kunali zilembo zotsekeredwa m'timizere tokhota, tina m'kati mwa tinzake ngati mapoto osanjikiza.

"Iwe, ichi n'chitundu chanji?"

"Ni Lisp, mami, chilankhulo cha makompyuta, mtundu wake amati ClojureScript. Ubwino wake gemu suizimitsa iyayi. Ukusintha, yeve ili kuyenda."

A Fidelis anaseka mpaka kutsokomola. "Awe, mwana wanga, uwu ni mgodi olo ni shopu ya mu tauni? Kuwala so? Pansi paja ukazima nyali, na dzanja lako suliona."

Racheal analemba kamzere kamodzi n'kudina. Mdima unagwa pomwepo, kamunthu kaja mwendo uli m'malere, ndipo sikanaime. Kanangopitiriza ulendo ndi kadontho ka kuwala pamphumi. Amayi Jenala anachita chizindikiro cha mtanda osadziwa n'komwe.

Nkhalamba ija inatenthedwa. Inati denga litsike, denga linatsika. Inati madzi azidontha, madzi anayamba tho, tho, tho. Inati thanthwe limalira lisanagwe, ndipo likalira anthu amasiya kutafuna kampompo, buledi wa kumgodi uja, n'kutchera khutu. Posakhalitsa laputopu inabuula mpaka amayi Jenala tsitsi linawaima. Zoti munthu alankhule chinthu n'kukhalapo, iwo ankangozimva kutchalitchi. Lero zinkachitika patebulo lawo lomwe, pambali pa botolo la shuga, m'manja mwa mwana yemwe anamubereka okha kumsana. Mantha anawagwira, chimwemwenso chinawagwira.

"Yendetsani imwe, mami," anatero Racheal, n'kuwaika zala pamabatani.

M'masiku awo mkazi sankatsika pansi. Tsopano anatsika. Anayenda mumdimamo mapewa atawerama ngati dengalo liwagunda, mpweya akuubanika, mpaka kamunthu kanafika pachikepe n'kuyamba kukwera. Pamenepo panatuluka mawu akuti gemu yatha.

"Yatha bwanji?" anakalipa a Fidelis. "Kutuluka ndiye nkhani! Munthu ukachoka kuja suthamangira kungena pansi pa denga lina. Ine n'nali kuzungulira ku bwalo la bola. Zacharia anali na mwala wake." Anatembenukira kwa amayi Jenala. "Mulamu, sanakuuzeni? Anali kukamba ati, mdima uja ukanikakamira m'chifuwa, siningangene nao m'nyumba, ungamugwire Jenala. Niyambe naukhuthula panja."

Racheal sanayang'ane amayi ake. Anafufuta mawu otsiriza a gemu aja, ndipo chikepe chinapitiriza kukwera pamene chinalekezera. Pamwamba panaoneka kachingwe ka kuwala, kanakula, kenako thambo lonse linatseguka, lobiriwira, lopanda malire, kamtambo kamodzi kakuyandama. Amayi Jenala anapuma mpweya wautali. Thambo lomwelo amaliona tsiku lililonse akamayanika zovala, koma anali asanalionepo chonchi.

"Racheal," anatero chapansipansi, misozi ili mbwembwembwe, "ikapo mwala apo."

Mwana analemba. Mwala unabwera, kamunthu kanakhalapo, kanavula chipewa.

Amayi Jenala anadzuka, anathira tiyi m'kapu ya malemu amuna awo, n'kutuluka nayo panja. Mwalawo anali akuusesa m'mbali zaka zonsezi osaukhalapo ngakhale kamodzi. Anakhalapo, unali wofunda ndi dzuwa, ndipo anakweza maso.

Patapita nthawi Racheal anaitana ali pakhomo. "Mami, tiyi izazizira."

"Ndikubwera," anayankha amayi Jenala, osatsitsa maso.