Ukwati Wodikira Chingwe

Mu 2013 Obby anapha woyendetsa lole pa msewu wa Great East, ndipo chaka chotsatira khoti linamuweruza kuti anyongedwe. Akwawo ku Chinyunyu anachilandira chiweruzocho ngati uthenga wa maliro. Analira popanda mtembo, anagawana zovala zake ndi njinga yomwe, kenaka anamsudzula mkazi wake Ketrina monga amachitira ndi wamasiye. Anamupaka ufa pamphumi nati, "Pita, wamasuka." Panalibe wowauza kuti m'Zambia chingwe chinagwira ntchito komaliza mu 1997.

Ketrina anakwatiwa ndi Phinias, wogulitsa makala m'mbali mwa msewu, nabereka naye ana awiri. Koma Ketrina anali Mkatolika wobadwa nacho, ndipo ukwati wake ndi Obby unamangidwa pa guwa. Atapita kukapempha kuti watsopanowu udalitsidwe, a Mordecai, katekisiti wa tchalitchi chawo chaching'ono, anapukusa mutu.

"Ufa sumasula ukwati, mayi. Imfa yokha. Bwerani ndi umboni woti amwalira."

Kuyambira pamenepo Ketrina sanalandirenso Ukalistia. Anzake akamaima pamzere, iye ankatsala pabenchi lakumbuyo ngati mlendo wodikira basi. Sanauzepo munthu chimene ankadikira, ngakhale Phinias, koma wailesi ikatchula ndende ya ku Kabwe, kumene kunali Obby, ankasiya zimene akuchita n'kutchera khutu.

Pa 23 Disembala 2022 dziko linathetsa chilango cha imfa. Mu Febuluwale wotsatira, akaidi 390 amene ankadikira chingwe anawasinthira chilango kuti akhale m'ndende moyo wawo wonse. Wailesi inadzaza ndi mawu oyamika: akazembe a ku Ulaya, mabungwe a ufulu wa anthu, mabishopu. Onse ankati Zambia yakula.

Mlungu womwewo Juliet, mlongo wake wa Obby, anatsika minibasi pafupi ndi matumba a makala, mano onse pamtunda.

"Mulamu! Mwamva? Amuna anu ali moyo!"

"Ndine mulamu wanu kuyambira liti, ba Juliet? Si inu munandipaka ufa?"

"Aa, tinalakwitsa chabe. Akuti anenepa, adya bwino, ayimba ndi kwaya. Afunsa ngati mukoza kukawaona. Muwatengereko sopo ndi tushuga."

"Jekete yawo mwabweza? Ija amavala amuna anu pa Sande?"

Juliet anaseka, n'kutembenukira kwa Phinias amene ankasoka thumba. "Ba Phinias, musadandaule, mwatisungira bwino. Mbuzi yobwereka nayonso imafuna msipu."

Phinias anangopitiriza kusoka, koma singano inamubaya chala.

Madzulo Ketrina anapita kwa a Mordecai. Anawapeza akukonza pemphero loyamika Mulungu chifukwa cha lamulo latsopano, nkhope ikuwala.

"Mpingo wakhala ukupempherera zimenezi zaka zambiri, mayi. Moyo ndi wa Mulungu."

"Sindikana. Nanga ine?"

"Mukhoza kulandira, mutasiyana ndi bambo wa kunyumbayo."

"Ndi ana awiri?"

"Apo ayi, mudikire."

"Obby ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, a katekisiti. Agogo ake anafa atatha mano onse. Ndidikire chiyani?"

A Mordecai anayang'ana pansi. Sanali munthu woipa. Ketrina anazindikira kuti pa anthu onse amene anatchulidwa pa wailesi, palibe anamulakwira mwadala. Azungu anakondwa, mabishopu anakondwa, Obby ananenepa. Mkazi wa woyendetsa lole uja palibe anamfunsa maganizo ake, ndipo Ketrina nayenso palibe anamfunsa.

Lamulungu linafika. Belu linalira monga mwa masiku onse, amayi a chitenje cha mpingo akudutsa awiriawiri. Ketrina anaveka ana, nayenda ndi Phinias kulowera kumsewu. Kumeneko kunali tchalitchi cha malata chokhala ndi masipika akuluakulu, chimene m'busa wake anali atanena kale kuti ukwati amadalitsa popanda kufunsa za ku Kabwe.

Pakhomo, dzanja lake linapita lokha pamphumi kuti achite chizindikiro cha mtanda. Mayi wolandira alendo analigwira mwaulemu nalitsitsa.

"Kuno sitichita zimenezo, mlongo. Lowani, mudzazolowera."