Alamu Anga Akonza Kandulo

Ntchito yanga ndi kulondera phanga ndi kuonetsa alendo za m'katimo. Kunena zoona, masiku ano ndimangoonetsa zitsa. Anyamata ogulitsa miyala pamsewu anathyola pafupifupi yonse, yolendewera kudenga ndi yomera pansi yomwe, n'kumagulitsa kwa anthu okongoletsa makonde. Ndinalankhula mpaka mawu kusasa. Ndikaika loko pageti, iwo n'kudula. Unatsala mwala umodzi woyera, wofika m'chiuno, umene tinkautcha Kandulo. Pamutu pake pankagwa dontho la madzi kuchokera kudenga, to, to, ndipo dontholo ndi limene linkaukuza pang'onopang'ono kuyambira kalekale. Ndinkaukonda mwalawo, sindibisa.

M'mawa wina ndinapeza Kandulo alibe mutu. Ndinakhala pansi n'kulira, dontho likugwera pachitsa.

Sabata yomweyo alamu anga, mng'ono wa amuna anga, anatiitana kuti tikaone khonde lawo latsopano. Ndi mmisiri womanga nyumba, munthu wabwino mtima, kungoti sangaone chinthu n'kuchisiya mmene chilili. Pakona pa khondelo, pakati pa miphika ya maluwa, panali mutu wa Kandulo, ataupaka vanishi.

"Alamu, mwautenga kuti uwu?" ndinafunsa.

"Ndagula pamsewu. Wokongola eti? Akuti ndi wakumtsinje."

"Mtsinje wake uti? Mwala uwu ndimaupatsa moni tsiku lililonse. Ogulanu ndi amene mukundithera phanga. Pakanapanda inu, mbavazo bwenzi zikulima."

Manyazi anawagwira alamuwo. Amuna anga anayamba kuyang'anitsitsa matailosi ngati sanaonepo matailosi chibadwire.

"Pepani alamu," anatero mmisiriyo. "Ndalakwa ndine, ndikonza ndine."

"Musakonze kanthu. Mungobweretsa, basi."

Mawa lake ndinapita ku ofesi kukapereka lipoti la kubako. Ndili komweko, amuna anga anachotsa kiyi wa kuphanga pamsomali n'kupatsa mng'ono wawo, ati angokasiya mwalawo kuseri kwa geti. Anthu a mimba imodzi amenewa.

Madzulo ndinawapeza alamu pakhomo pa phanga akutsuka fosholo, buluku lili mbuu ndi simenti, mano onse ali pamtunda. Wilibala ndi makwerero zinali pambali.

"Bwerani mudzaone," anatero, n'kutsogola ngati phangalo ndi lawo.

Mutu wa Kandulo unali utabwerera pamalo pake. Pakhosi anali atazunguliza simenti yonenepa ngati bandeji.

"Ndayeza ndi levulo," anatero. "Poyamba paja unali wopendama, ndauwongola."

Ndinadziuza kuti palibe kanthu, madzi akamagwa adzakuta simentiyo ndi vanishi yemwe, ngakhale ine ndidzakhale nditaiwalika kumanda. Mwala umenewu sufuna mmisiri, umafuna dontho lake basi.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti m'phangamo muli zii. Ndinakweza tochi kudenga. Pamwamba penipeni pa Kandulo panali chigamba cha simenti, chosalala bwino, m'mbali mwake atadula mowongoka.

"Alamu, icho n'chiyani?"

"Eya, ndimadikira kuti muone nokha. Denga limadontha, pamwala pomwepo. Ndinati ntchito yanga singakhale pansi pa denga lodontha, anthu angandiseke. Ndagoba mng'alu wonse, ndamata, ndathiramo ndi mankhwala oletsa madzi aja. Sipadzadonthanso, alamu. Ngakhale zidzukulu zanu zidzapeza pouma."

Ukali unandikwera mpaka m'makutu, koma ukamukalipira bwanji munthu amene akukuyang'ana ngati mwana wobwera ndi mphatso? Mbava zinamudula mutu Kandulo, koma zinamusiya akukulabe.

Ndinaika dzanja pamwamba pa mwalawo n'kudikira. Panali pouma.

"Simenti yatsalako theka la thumba," anatero alamu, akupukuta manja. "Pali penanso podontha?"