Akazi Salowa Muno

Ikuyo sanafune kuwatenga bambo ake, a Kiyoharu, tsiku limenelo. Koma mayi amene amawasamalira masana anali atagona ndi chimfine, ndipo kuwasiya okha a Kiyoharu kunali kudziputira mavuto. Sabata yathayo anayatsa mbaula n'kuiwala mpaka poto kupserera. Mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu: mayina a anansi, njira ya kusitolo, masiku ena ngakhale nkhope ya mwana wawo yemwe. Ndiye anawaveka chijasi, n'kuwauza kuti azitsatira pambuyo pa alendo.

Ntchito ya Ikuyo inali yoyendetsa alendo m'nyumba zofululira mowa wa mpunga za ku Saijo, ndipo nyengo yozizira, mowa ukamafululidwa, alendo amachita kuunjikana. A tsikuli anali gulu la madoda opuma pantchito ochokera ku Osaka, anthu aphokoso ngati ali paukwati. Anawamwetsa madzi a pachitsime chakale, anawaombetsa m'manja pakachisi wa mulungu wa ofulula, anawaonetsa migolo yamatabwa ya makolo. Iwo maso anali kwina.

"Achemwali, madzi tamwa, mulungu tamupatsa moni," anatero mmodzi wadazi. "Nanga mwiniwake wa ulendo uno tikumana naye liti?"

"Dekhani, bambo. Mukayamba msanga, sitima ya kwanu mukaikwera chokwawa."

Onse anaseka. A Kiyoharu sanaseke. Moyo wawo wonse anauthera akugwira ntchito m'nyumba ngati zimenezi, ndipo chilowereni pabwalo la nyumba yomaliza ya ulendowo ankangonunkhiza m'mwamba, kutsatira fungo la mpunga wotentha.

M'chipinda cholawira, Ikuyo anawakhazika pabenchi pafupi ndi khomo. Anathira mowa m'timakapu, nayankha mafunso opanda mutu a wadazi uja. Atacheuka, pabenchi panali chijasi chokha.

Poyamba anangokwiya. Anasuzumira kuchimbudzi, anathamangira kuchitsime, anayang'ana mumsewu uku ndi uku. Kenako anaona nsapato za bambo ake. Zinali pakhomo la nyumba yaikulu ya mathanki, zitaikidwa bwinobwino moyang'ana kunja, monga amachitira munthu wolowa pantchito. Chitseko chinali chotsekuka pang'ono, ndipo antchito onse anali atapita kukadya.

Aliyense wokulira ku Saijo amadziwa chimene chimakhala pakamwa pa thanki mowa ukamawira: mpweya wolemera, wosaoneka, umene munthu akaupuma mozama amangofooka n'kugwera m'phala la mowalo chamutu. Safuula n'komwe. Ikuyo anafuna kuitana anthu, koma kodyera antchito kunali kuseri kwa mpanda. Anavula nsapato zake n'kukwera makwerero.

Pamwamba panali pozizira ndiponso pamdima pang'ono. Pakamwa pa mathanki panali pa mulingo umodzi ndi matabwa opondapo, maenje akuluakulu ondondozana, ena ovundikira, ena ayi. M'kati phala loyera linkanong'ona lokha, thovu likuphulika pang'onopang'ono. Kumapeto kwenikweni, pa dzenje losavundikira, bambo ake anali atagwada. Manja anagwira m'mphepete, mutu atapendeka, khutu likutsikira m'thanki. Ankamvetsera mowa, monga ankachitira kale pofuna kudziwa ngati ukuwira bwino.

Ikuyo anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Kuthamanga sakanatha, chifukwa matabwa akanagwedera ndipo nkhalamba yodzidzimuka imagwera kumene yaweramira. Kufuula kunali chimodzimodzi. Anayenda monyang'ama, masokosi akuterera.

"Bambo," anatero motsitsa. "Bambo, tiyeni tizipita."

Sanatembenuke. Mutu unatsikanso pang'ono.

"Bambo, chonde. Ndine Ikuyo."

Apo anadzutsa mutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira, ndipo Ikuyo anaona kuti sakumudziwa ngakhale pang'ono. Nkhope yawo inayamba kuuma.

"Mkazi?" anatero. "Mkazi muno? Wakulowetsa ndani iwe?"

Anaimirira modzandira, zidendene zili m'mphepete mwenimweni mwa dzenje. Ikuyo anagwira pakamwa kuti asakuwe. M'masiku a bambo ake mkazi sankaponda m'nyumba ya mathanki, ati amawawitsa mowa. Lamulo lopusali linatha kalekale, ndipo iye ankadana nalo kuyambira ali mwana, pamene ankamusiya panja pozizira atanyamula chakudya cha bambo ake, anyamata akulowa ndi kutuluka. Lero linali litadzuka m'mutu wodwalawo lili lamoyo.

"Tuluka!" anakalipa a Kiyoharu. Thupi linapendekera kumbuyo, kenako kutsogolo.

Ikuyo akanawayandikira, iwo akanabwerera m'mbuyo pomuthawa. Iye akanatuluka, iwo akanagwadanso pa dzenje lija. Ndiye anachita chimene sanachitepo kwa bambo ake. Anabwerera pang'ono, n'kugwira m'chiuno.

"Sindituluka," anatero. "Mundichita chiyani, agogo inu?"

"Ukuti chiyani?"

"Ndati sindituluka. Ndipo mowa wanuwu ndiugwira ndi manja angawa, uwawe wonse ngati ndimu."

Anatambasulira dzanja ku chivundikiro cha thanki yapafupi. A Kiyoharu anafuula, phazi limodzi n'kuchoka m'mphepete muja, kenako linzake. Ankabwera akupepesuka, akudutsa pafupi ndi maenje ena, ndipo Ikuyo ankabwerera chafutambuyo kulunjika kumakwerero, maso ali pa mapazi awo okha.

"Bwerani mundichotse ngati ndinu mwamuna! Mwakalamba, simungandigwire!"

"Wamwano iwe! Wosaleredwa!"

Anamugwira pamkono ali pamakwerero. Zala zokalambazo zinali ndi mphamvu ya munthu amene wanyamula matumba a mpunga moyo wonse, ndipo zinamupweteka zedi. Ikuyo sanadzipulumutse. Anawalola kumukankha mpaka pansi, iye ali patsogolo kuti akaterereka agwere pa iye. Anamutulutsa panja, n'kukoka chitseko mwamphamvu, n'kuima patsogolo pake akupuma mwabefu.

Mpweya wa panja utamuomba, Ikuyo anangokhala pansi pamiyala yozizira. Anayamba kulira. M'chipinda cholawira madoda aja anali atayamba kuimba, osadziwa kanthu.

A Kiyoharu anamuyang'ana akulira, ndipo mkwiyo unayamba kuwathera. Anakhala pakhonde pambali pake, manja ali pa mawondo.

"Basi, basi, mayi. Ndakupwetekani? Pepani. Koma bambo anu sanakuphunzitseni kuti muno simulowa?"

"Anandiphunzitsa," anatero Ikuyo movutikira.

"Ndiye muziwamvera." Anasuzumira uku ndi uku, n'kutsitsa mawu ngati akuulula za kuntchito. "Zoti mkazi amawawitsa mowa ndi nkhambakamwa za akuluakulu, ine sindinazikhulupirirepo. Koma ndili ndi kamwana kakakazi kunyumba, kosakhazikika, kokonda kusuzumira paliponse. Kamandibweretsera chakudya, ine n'kukakalipira kuti kaime panja. Kamalira, ndipo ndikudziwa kuti kamadana nane." Anapukusa mutu. "Kazidana nane. Kakadzangoweramira m'thanki muja kamodzi kokha, ine ndidzakhala wa ndani?"

Ikuyo anapukuta misozi. Bambo ake anamusisita paphewa monga amachitira munthu ndi mlendo wosokera.

"Pitani kwanu, mayi, kukuzizira. Bambo anu akuda nkhawa."