Makope Amene a Fyness Anabisa M'nkhokwe

Lolemba lina m'mwezi wa Malichi, chaka cha 1996, Tisauke anabwerako kusukulu dzuwa lisanafike pamutu. Anapeza mayi ake, a Fyness, akuthyola nkhwani kuseri kwa nyumba yawo ku Bundabunda. Sanapereke moni. Anangoti, "Aphunzitsi aakulu akukufunani," kenaka analowa m'nyumba.

A Fyness anadziwa nkhani yake asanauzidwe. Anasiya lichero pansi, n'kuuyamba wa kusukulu.

Mphunzitsi wamkulu, a Mwaanga, anali munthu wosakonda kukweza mawu. Anawapatsa mpando, kenaka anatulutsa kalata m'kabati.

"Amai, mu Januwale munaniuza kuti mwana anali kuphunzira ku Chipata, ati kalata ya transifa inasoba mu basi. Nakukhulupirirani, namuika mu Giredi 7. Manje nalembera ku sukulu ija. Yankho ni iyi. Bakuti dzina ya Tisauke sibaiziba."

A Fyness anayang'ana pansi.

"Mwana ali na mutu, siningakane," anapitiriza a Mwaanga. "Koma maina ya bolemba mayeso yayenda ku boma temu ikatha. Siningalembe mwana wamene siniziba kwamene anachoka. Niuzeni zoona."

"Ndikaganize kaye, aphunzitsi," anatero a Fyness, ndipo anatuluka.

Zoona zake zinali izi. A Fyness ndi amuna awo, a Yoramu, kwawo kunali ku Chadiza, m'dziko la Zambia. Atangokwatirana anawoloka malire n'kukagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Mchinji, m'dziko la Malawi. Tisauke anabadwira kumeneko. Sukulu inali kutali, kutsidya kwa mtsinje umene unkadzaza nthawi ya dzinja, ndipo a Fyness sanafune kuti mwana wawo yekhayo atengedwe ndi madzi. Iwo anali atafika Fomu 2, choncho anayamba kumuphunzitsa okha pakhonde, chaka ndi chaka, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Teremu ikamatha ankanyamula makope onse n'kupita nawo kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kutsidya ija. Iye ankamufunsa mwanayo mafunso, n'kulemba zimene wapeza, n'kudinda chidindo cha sukulu kumapeto kwa kope lililonse.

Atabwerera ku Zambia, anthu a ku Bundabunda anawapatsa malo olima. Koma chaka chimenecho nkhani ya pawailesi ndi kuchigayo inali imodzi: ndani mwini dziko, ndani mlendo. A Fyness anachita mantha. Anaganiza kuti anthu akamva za mwana wobadwira ku Malawi, yemwe sanakhalepo m'kalasi, adzawathamangitsa ndipo munda udzapita. Anakulunga makope aja m'thumba la feteleza, n'kuwakankhira pansi penipeni m'nkhokwe. Ndipo anapeka sukulu ya ku Chipata. Kunena zoona, bodza limeneli silinali la mwano. Linali la mantha. Koma pepala la muofesi silifunsa kuti munthu ananamiranji.

Madzulo a tsikulo a Yoramu anamva nkhani yonse ali chikhalire pachitsa, akukonza mpini wa khasu.

"Basi, zatha," anatero. "Ndinakuuzani kale, amake Tisauke, sukulu ya pakhonde boma siliidziwa. Mlongo wanga Regina wakhala akupempha mwanayu kuti akamulerere ana ku Mtendere. Pa Isitala abwera. Apite naye, akadyeko bwino ku Lusaka kusiyana n'kungokhala pano."

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndamuphunzitsa kuti akachape matewera?"

"Nanga mufuna tichite chiyani? Tikadziulule tokha kupolisi?"

Tisauke anamva zonse ali pakhomo. M'mawa mwake anachapa yunifolomu yake, anaiyanika, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pansi pa sutikesi. Sanalire. Chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri mayi ake. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi akasiya kulira ndiye kuti wasiyanso kuyembekeza.

Patapita masiku awiri kunabwera a Clotilda, mayi woyandikana nawo. Anali mbadwa ya kumeneko, wamasiye, wa m'komiti ya makolo kusukulu, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko.

"Ba Fyness, sininabwere kupempha mchere," anatero asanakhale n'komwe. "Mwana wanu amapambana bana bonse pa samu. Nzeru izo sanazitole mu msewu. Anaphunzira kuti?"

A Fyness anayesa kuzemba, koma misozi inawatsogolera. Anafotokoza zonse: esiteti, mtsinje, khonde, chidindo.

"Mabuku yamene ayo yali kuti?"

"M'nkhokwe."

A Clotilda anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mwabisa umboni kwa boma, mwapasa makoswe? Tiyeni!"

Nkhokwe inali itatsala pang'ono kutha chimanga, poti chaka chathacho mvula inavuta. A Fyness analowa, n'kutulutsa thumba lija. Linali lopepuka kuposa mmene analisiyira. Atalikhuthula, panagwa tizidutswa ta mapepala tosakanikirana ndi ndowe za makoswe. Makope a Sitandade 1 mpaka 4 anali atasanduka chisa. Makoswe anadya zilembo zoyamba zimene Tisauke analemba, anadya mapu amene anajambula, anadya ndi zidindo zomwe. Anatsala makope asanu ndi anayi okha, odyeka m'mbali.

A Fyness anakhala pansi pafumbi n'kulira mokuwa ngati pamaliro. "Ndamupha ndekha mwana wanga! Ndi manja angawa!"

A Clotilda anawasiya alire. Iwo anali kalikiliki kutsegula makope otsalawo limodzilimodzi. "Onani apa. Chidindo ichi chilipo. Na ichi. Mailo tiyenda ku Chongwe, ku ofesi ya maphunziro."

"Akandimanga."

"Bakakumangani nizamangiwa naimwe. Valani chitenge yabwino."

M'mawa mwake anayenda mpaka kumsewu waukulu, n'kukwera lole ya makala. Kuofesi anadikira pabenchi mpaka masana. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka a Fyness ankafuna kuthawa, koma a Clotilda anali atawagwira nsonga ya chitenje. Kenaka anawalowetsa kwa mayi wina wa magalasi, a Chileshe, amene ankayendera masukulu a m'bomalo.

A Fyness ananena zoona zonse. A Chileshe anatsegula makope aja pang'onopang'ono kuti asang'ambike.

"Ni imwe munamuphunzisa izi zonse?"

"Ndine. Pepani, bwana."

"Mupepesa chani? Mwana kubadwira ku Malawi si mulandu, imwe na bamuna banu muli na mareji, vitupa va boma ya Zambia. Kumuphunzisa pa nyumba pamene sukulu inali patali, nacho siningakupaseni mulandu. Chamene munalakwa ni chimozi chabe: munanama. Sembe munabwera mu Januwale na mabuku aya, sembe nkhani inasila kale."

Kenaka anafotokoza bwinobwino. Malamulo a sukulu m'mayiko awiriwa si ofanana. Ku Malawi mwana amalemba mayeso mu Sitandade 8, ku Zambia amalemba mu Giredi 7, ndipo mabuku ena ndi osiyana. N'chifukwa chake ofesi singangolandira mwana mwachisawawa. Iyenera kumuyesa kuti ione pamene wafika, ndiponso iyenera kufunsa anzawo a kutsidya kwa malire ngati chidindo chili choona.

"Ise ba boma timalemberana," anatero a Chileshe. "Nizalembera banzanga ba ku Chipata. Beve bamakambisana na ba ofesi ya ku Mchinji, chifukwa bana ba mu malire bamayenda uku na uku. Ba ku Mchinji bazafunsa mphunzisi wamene anadinda apa. Koma siningakunamizeni, amai. Kalata imayenda na mendo yake. Temu yasala masabata yatatu."

Lachisanu lotsatira Tisauke anayesedwa kusukulu kwa a Mwaanga. Masamu ndi Chingelezi anakhoza mosavuta. Za dziko la Zambia anazilephera ndithu, poti mayi ake anamuphunzitsa mitsinje ndi maboma a Malawi. A Mwaanga anati zimenezo zikhoza kukonzeka. Chimene chinatsala chinali kalata ija.

Kalata sinabwere. Sabata yoyamba inatha. A Fyness ankapita kusukulu m'mawa uliwonse, ndipo a Mwaanga akangowaona pazenera ankapukusa mutu. Sabata yachiwiri inatha. Anthu anayamba kunong'onezana kuchitsime, poti nkhani inali itamveka. Sabata yachitatu sukulu inatsekedwa, mayina anapita, ndipo la Tisauke panalibe.

A Regina anafika Loweruka la Isitala atavala nsapato zazitali zosayenera matope a ku Bundabunda. A Fyness anapempha kuti adikireko mwezi umodzi wokha.

"Mulamu, boma mukuidziwa inu?" anatero a Regina. "Kalata yamene iyo izafika mwana ali na bazukulu."

A Yoramu sanatsutse. Sanali munthu wouma mtima, koma njala ya chaka chimenecho inali itawatopetsa, ndipo chikhulupiriro chawo pa makalata chinali chitatha. Tisauke ananyamula kachikwama kake. Pochoka anapatsa mayi ake pensulo yake, n'kunena kuti, "Sungani, amayi. Kumeneko sindikaifuna."

Masabata amene anatsatira a Fyness anawakhala ngati munthu wodwala. Kumunda ankapita, koma khasu linkangoima. Anasiya kupita kusukulu kukafunsa. Anasiya ngakhale kuyankha a Clotilda akamawaitana pampanda. Usana wonse ankangodzifunsa funso limodzi: bwanji sindinanene zoona mu Januwale? Palibe chinthu chowawa ngati kudziwa kuti chimene chakugwetsa si mdani, si boma, koma mantha ako omwe.

Sukulu zinatsegulidwa mu Meyi. Sabata yachiwiri, a Fyness ali m'munda kukolola chimanga chochepa chimene chinapulumuka, anamva a Clotilda akukuwa kuchokera kunjira.

"Ba Fyness! Siyani vimanga ivo! Ba Chileshe bali ku sukulu!"

A Fyness anathamanga osavala nsapato. Muofesi ya a Mwaanga, a Chileshe anali atagwira envulopu yodzaza zidindo. Kalata inachedwa chifukwa mphunzitsi wamkulu wa ku Mchinji uja anali atapuma pantchito, ndipo a ofesi ya ku Mchinji anachita kukamufunafuna kumudzi kwawo panjinga. Iye anamukumbukira Tisauke. Analemba ndi dzanja lake kuti mwanayu anaphunzitsidwa panyumba ndi mayi ake, kuti anamuyesa teremu iliyonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anamaliza za Sitandade 7 bwino lomwe. Ofesi ya ku Mchinji inadinda, ya ku Chipata inadinda.

"Koma mayina anapita kale," anatero a Fyness.

"Yanayenda, inde. Koma pamene munabwera kwa ine, ninalemba ku likulu kuti pali mwana wamene nkhani yake tikali kufunsa ku Malawi. Manje na kalata iyi, bavomera kuonjezera dzina. Mwana ali kuti?"

Tsiku lomwelo a Yoramu anagwira tambala wawo n'kukamugulitsa kumsewu kuti apeze ndalama ya basi. M'mawa mwake a Fyness anafika ku Mtendere. Anapeza Tisauke ali pampopi, khanda lili kumsana, akutsuka mapoto. Anali atawonda. Ataona mayi ake sanathamange. Anangoima, madzi akusefukira mu ndowa.

A Fyness anamupatsa kalata. Tisauke anapukuta manja pachitenje, n'kuwerenga mpaka pansi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Ndiye akudziwa kuti ndinabadwira ku Mchinji? Kuti munandiphunzitsa ndinu?"

"Akudziwa zonse. Ndinawauza ndekha."

"Ndipo sanatithamangitse?"

"Ayi, mwana wanga. Maboma awiri adinda kuti ndinakuphunzitsa bwino."

A Fyness anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa pensulo ija. Apo m'pamene Tisauke analira, kulira kwa miyezi iwiri, khanda la azakhali ake nalonso likulira kumsana.

Mu Novembala analemba mayeso, ndipo anasankhidwa kupita ku Giredi 8.

Makolo anzanga, phunziro la nkhaniyi ndi losabisika. Ngati mwana wanu anaphunzira panyumba kapena kudziko lina, musabise ndipo musapeke sukulu. Sungani makope ake pamalo abwino. Muziwaonetsa kwa mphunzitsi wa sukulu yapafupi kuti aziwaona ndi kudinda. Mukasamuka, pitani msanga kuofesi ya maphunziro, chaka chikangoyamba, ndipo mukanene zoona. Malamulo a mayiko amasiyana, koma maofesi akhoza kufunsana, ndipo kufunsanako kumafuna nthawi. A Fyness anataya miyezi itatu chifukwa cha mantha, ndipo anangotsala pang'ono kutaya mwana.

Makope asanu ndi anayi aja alipobe. Sali m'nkhokwe ayi. Ali pashelefu m'chipinda chochezera, ndipo mlendo aliyense akafika, a Fyness amamuonetsa pamene makoswe analekezera.