Tsiku limene Overstone anafa pa O'Connell Street

Dziko la North Korea litaphulitsa bomba la nyukiliya pansi pa nthaka mu 2006, aphunzitsi athu a kuyunivesite ku Dublin, a Gerard, anaganiza zoti ife ophunzira awo tikafe. Ankatiphunzitsa za pangano loletsa kuyesa mabomba amenewa, lomwe mayiko ambiri anasaina koma silinayambe kugwira ntchito. Choncho anati Loweruka tikagone pamsewu wa O'Connell Street ngati mitembo mpaka wezulo italira, kuti dziko lichite manyazi. Kwathu kuyerekeza kufa ndi malodza. Koma munthu ukudikira digiri sutsutsana ndi wochonga mayeso.

Mnzanga Overstone anali ndi nkhondo yakeyake kunyumba kwake ku Drumcondra. Apongozi ake anali atabwera kuchokera kumudzi kudzaona mdzukulu. Ukwati wake ndi mwana wawo Tupochele sanaufune, ndipo chikwatirire anali asanamulankhulepo. Ulemu wa apongozi timaudziwa, koma izi zinapitirira. Chilichonse chinkadzera kwa mwana wawo: "Uwauze awo atseke chitseko." Zinkamupweteka Overstone, mpaka nthawi zina ankazengereza kubwerera kunyumba.

Tinafa bwinobwino, mvula ikuwaza. Ine ndinafera pafupi ndi Overstone, a Gerard chapatali, atafumbata chikwangwani. Tupochele ankadziwa za pulogalamuyi, koma sanawauze mayi ake. Ukanayambira pati? Tsoka ilo, pochokera kogula therere kumsika wa ku Moore Street, njira ya awiriwa inadzera pomwepo. Apongozi anazindikira nsapato za mkamwini wawo.

Jumbo inagwa. Kenaka kunamveka kulira kumene mzinda wa Dublin unali usanamvepo.

"Mayo ine! Overstone mwana wanga! Andisungire ndani Tupochele kudziko lozizira lino? Munthu wosakweza mawu! Munthu wochapa matewera! Ndimangokunyozani ine, bambo, ndikhululukireni!"

Azungu anayesa kuti ndi mbali ya pulogalamu. Ojambula zithunzi anasiya mitembo ya anthu ophunzira bwino n'kuthamangira kwa ife.

"Aise, dzuka," ndinamunong'oneza. "Amayiwa apanga collapse."

"Wait kaye," unayankha mtembowo. "Ndimveko."

Tupochele ankawakoka dzanja. "Amayi, ndi demonstration! Za ma nuclear! Ali bwinobwino!" Koma mayi wolira maliro samva zoyankhula. Anamasula chitenje chawo n'kumufunditsa mkamwini kuyambira kumutu, monga timachitira. Pansi pa nsaluyo ndinamva munthu akufwenthera. Ine ndemwe misozi inalengeza, sindibisa.

Wezulo inalira. Akufa onse anadzuka, akusasa majekete ndi kufunsana kumene angakamwere khofi. A Gerard anabwera akuomba m'manja, akufunsa kuti anakonza gawo lomalizali ndani.

Overstone yekha ndiye sanadzuke. Kuyesa bomba kunali kwapafupi kuyerekeza ndi kuvundukula chitenje chija.

Apongozi anayang'ana khamu la oukitsidwawo, m'modzim'modzi. Anapukuta misozi, natola therere lawo lonse osasiya ndi limodzi lomwe. Tupochele anasendera pafupi, monga mwa masiku onse.

"Ndiwauze chiyani, amayi?"

Anamukankhira pambali ndi chigongono, nawerama okha.

"Dzukani, bambo. Mutenga chibayo. Ndipo chitenjecho mukachape nokha."