Nkhope Yanga pa Zitenje za Eni Ake

Ndinalota nditayanikidwa pachingwe kuseri kwa nyumba ya munthu wina ku Chilomoni. Anali atandipana ndi mapegi m'makona, madzi akudontha kuchibwano, ine ndikumwetulira. Sindinadabwe. Ndinangoona kuti mwini nyumbayo satsukuluza bwino, chifukwa sopo anali atatsalira m'diso langa lakumanzere.

Dzina langa ndi Sungeni, ndipo ntchito yanga ndi kuuza anthu kuti azipuma. Ndimagulitsa tiyi wa chidede ndi ufa wa chammwamba. Loweruka ndimasonkhanitsa amayi pakapinga n'kumawaphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ndimajambula kavidiyo pafoni kowakumbutsa kuti thupi, mtima ndi maganizo zimafuna kusamalidwa pamodzi. Chaka chatha mnzanga wina wodziwa zamalonda anandiuza kuti masiku ano anthu sagula tiyi, amagula munthu wogulitsayo. Ndiye ndinadinditsa zitenje zobiriwira, pakati nkhope yanga, m'munsi mwake mawu akuti "Pumani ndi Sungeni". Zinayenda malonda kuposa tiyi amene. Izi zokha si za kutulo ayi, zinachitikadi.

Za kutulo n'zakuti nkhope zonsezo zinali ine. Ndili pachingwe pomwepo, ndinalinso mu minibasi ya ku Limbe, mayi wina wathupi lake atandikhalira. Ndinali pachigayo ku Lunzu nditakulunga thumba la mgaiwa. Ndinali ku Bangwe nditabereka mwana wa eni, mwanayo n'kundinyowetsa osapepesa n'komwe. Choipitsitsa, ndinali pamaliro ku Chiradzulu, m'chiuno mwa mayi amene ankalira modzigwetsa pansi, ine mano onse pamtunda. Anamfedwa ankandiyang'ana. Ndinayesa kutseka pakamwa koma zinakanika, poti wodinda uja anadinda ndi kumwetulira komwe. Masaya ankandiwawa m'maboma angapo nthawi imodzi.

Dzuwa litandiumitsa ndinachotsa mapegi, n'kutsika, n'kuyamba wapansi wa kwathu. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kukhala ndekha penapake popanda diso la munthu, ngakhale kanthawi kongowiritsira madzi a tiyi. Ndinali nditatopa. Sikunali kutopa kwa miyendo, kunali kuja koti ukamva wina akuitana dzina lako mwachikondi umafuna kulira.

Kuchipinda kwanga kuli kona imene ndimajambulirapo mavidiyo. Pali katani yoyera, mkeka watsopano ndi kamphika ka maluwa. Oonera amayesa nyumba yonse ili choncho. Sadziwa kuti ukangosuntha phazi pang'ono wagunda makatoni a tiyi, mulu wa zovala zosasita ndi njinga ya bambo a kunyumba yopanda tayala lakutsogolo. Pamkeka umenewo ndajambulidwapo nditatsinzina kosawerengeka, koma kugonapo tulo sindinagonepo. Nditafika ndinakankha katani ija kuti nditsamire khoma, ndipo kuseri kwake kunalibe khoma. Kunali mtsinje.

Unali mtsinje waukulu, wa madzi ofiirira, woyenda mwamphamvu koma wopanda phokoso. Pamwala wa m'mphepete panali achemwali anga a Elube, akuchapa. Anamwalira kalekale, ine ndikadagulitsa kaunjika kumsika, zonsezi zisanayambe. Anali atavala diresi yawo ya maluwa achikasu imene tinawaika nayo, ataipindira m'maondo kuti isanyowe. Tinapatsana moni mwaulemu ngati anthu okumana mu ofesi. Anafunsa za ana ndi za bambo awo, ndinati onse ali bwino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti ndanenepa kumaso kokha. Achemwali anga pakamwa pawo ngakhale imfa inapalephera.

Tsidya linalo kunali kanyumba ka zidina, kofolera udzu, ka chitseko chimodzi. Panalibe njira yopita kumeneko, panalibe nkhuku kapena utsi. Nditangokayang'ana mapewa anga anatsika okha.

"Zimene wadzera zili mmenemo," anatero a Elube. "Koma mumalowa munthu mmodzi. Iwe wabwera ambiri."

Ndinacheuka. Zitenje zinali zitanditsatira. Zinaima pamzere m'mbali mwa mtsinje mpaka kukwera chitunda, zili chilili popanda anthu m'kati, zonse zikundimwetulira. Chakutsogolo chinali cha kuchigayo chija, chotuwa ndi ufa. Chinapinda maondo pang'ono ngati mwana woleredwa bwino.

"Pepani mayi," chinatero, "ife timafuna kudziwa ngati kupuma mumanenaku kukutikhudza nafenso."

Ine amene ndimayankha mafunso a anthu tsiku lonse, mpaka a matenda amene sindikuwadziwa, ndinangoyang'ana pansi.

A Elube anandipatsa chidutswa cha sopo n'kundisunthira pamwala. Anati ndichape chitenje chilichonse mpaka nkhope ichoke. Anawonjeza kuti nkhope ikachoka, mwini chitenjecho andiiwala, dzina ndi zonse, ndipo anazinena ngati akunena mtengo wa tomato. Ndinafunsa ngati ndingasiyeko zingapo, poti bizinesi ndinaivutikira ndipo ana amadya pomwepo. Anati ndikhoza kusiya zonse ngati ndikufuna, palibe wandikakamiza, kungoti chitseko chija sichinenerera.

Ndinayamba ndi cha kuchigayo. Ndinachiviika, kuchipaka sopo, kuchimenya pamwala. Mphuno ndi imene inkayamba kuchoka, kenako chipumi, maso n'kumalizira. Nkhope inkasupuka n'kuyandama ngati thovu, ikupita kumunsi ikadamwetulira, pomwe zilembo za dzina langa zinkamira pomwepo. Chitenje cha kumaliro chinandithokoza kwambiri, chinati chinachita manyazi osaneneka tsiku lija. Zoyerazo zinkakadziyala zokha paudzu n'kugona, china mpaka chinayamba mkonono.

Ndisaname, zinkandipweteka. Nkhope iliyonse ikamapita ndinkamuona mwini wake kumene ali, akutembenuza nsalu yobiriwira n'kumadzifunsa kuti anaigula kuti. Foni m'thumba mwanga inkapepuka. Ndinakumbukira m'mawa monse mmene ndinkadzuka anthu ali m'tulo, kudzola mosamala kuti ndioneke ngati munthu wosadzola kanthu, ndi mmene ndinkavinira ndekha kukhitchini anthu onditsatira akawonjezekera. Zonsezo zinkapita ndi madzi. Koma masaya ankaleka kuwawa, boma limodzi pambuyo pa linzake, ndiye sindinaime.

Mzere unatha dzuwa lisanasunthe. Chitenje chomaliza chokha ndi chimene chinali ndi munthu m'kati. Anali Mayi Chitekwe, mphunzitsi wa pulayimale, wamasiye, munthu woyamba kubwera pakapinga paja tsiku limene ndinkaopa kuti sikubwera aliyense. Sanajombepo. Amavutika ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo amauza aliyense kuti mapilitsi amawathandiza theka, theka linalo ndi Sungeni. Chitenje chawo sanagule, ndinawapatsa ndekha choyambirira kutuluka m'katoni. Anali atagwira mfundo yake ndi manja onse awiri.

"Munandipatsa nokha pamaso pa anthu," anatero. "Chinthu chopatsa munthu sitiitanitsa."

Ndinavomera kuti n'zoona.

"Ndikaweruka mutu ukuwira, ndimachiyala pabedi. Inu mumandiuza kuti ndipume, ine n'kupuma. Mukachokapo andiuze ndani?"

Ndinayang'ana a Elube kuti andithandize, koma iwo anali kalikiliki kuchotsa kaminga kuphazi. Akufa ndi otero, amalankhula pamene sunawafunse, pofunikapo ali zii. Ndinaganiza zonena mawu anga a masiku onse, akuti mtendere uli m'kati mwanu kale, koma anandinunkha m'kamwa ndisanawatulutse.

"Mayi," ndinatero, "inenso ndatopa."

Mayi Chitekwe anamasula mfundo ija, n'kupinda chitenjecho bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri. Nkhope ya pamenepo inali yokanirira kuposa zonse. Sopo anatha, ndinapitiriza ndi mchenga mpaka zala zinasupuka. Itachoka ndinafinya nsaluyo n'kuwabwezera yobiriwira yokhayokha. Analandira mwaulemu, anathokoza kuti ndawachapira, kenako anandifunsa ngati ndili wa kuno konkuno. Ndinati ayi, ndine wongodutsa. Anakwera chitunda pang'onopang'ono, akupumira m'njira, dzanja lili pamutu. Ndinawamvera chisoni, ndinadzimveranso ndekha chisoni, koma sindinawaitane.

A Elube anati ndiwoloke, iwo atsala, poti kwawo kupuma anapuma kale. Madzi anandilekeza m'maondo koma sanandinyowetse. Nditafika pakanyumba kaja chitseko chinandiyang'ana, chinaona kuti ndili mmodzi, n'kutseguka.

M'katimo munali mozizira bwino, pansi pozira, pakununkhira dothi. Munali mphasa yakale yothothoka m'mbali ndi kazenera kakang'ono m'mwamba. Munalibe kalilole, munalibe kalendala, munalibe ngakhale msomali wokolekapo chinthu. Chitseko chinadzitseka. Ndinakhala pamphasa n'kutambasula miyendo. Kunali chete moti ndinamva m'mimba mwanga mukulira, ndipo ndinazindikira kuti sindinadye kanthu chidzukire, ine wophunzitsa anthu kadyedwe.

Ndipamene ndinaona kuti ndikadamwetulira. Kutsogolo kwanga kunali khoma lopanda maso, koma ine ndinali kulimwetulira, mutu nditaupendeketsa pang'ono kumanzere, mbali imene imaoneka bwino pazithunzi. Ndinakoka masaya ndi zala kuwatsitsa, nditasiya anabwerera. Ndinapukuta ndi mkono, ndinayesa kuganiza zomvetsa chisoni, za tsiku limene tinaika a Elube, koma mano anali pamtundabe. Ndinachita mantha. Ndinaimirira pansi pa kazenera kaja n'kuitana achemwali kuti yatsala imodzi, ndipo sopo watha.

"Imeneyo sichapidwa," anayankha ali tsidya lija, mawu awo akumveka ngati ali pambali panga. "Imagwa yokha ikatsimikiza kuti palibe akuiona. Khala pansi, usaithandize."

Ndinakhala. Kuwala kwa pazenera kunayenda pakhoma kuchoka uku kupita uko. Poyamba khosi linawongoka. Patapita nthawi tsaya lakumanzere linayamba kutsika, mozengereza, likuima n'kumamvetsera ngati kukubwera munthu. Lakumanja linatsatira. Milomo inakumana n'kuphimba mano, ndipo mano anali ouma gwa. Nkhope imene inkabwerayo sindinkaidziwa. Inali yolemera, ndipo ndikukhulupirira kuti sinali yokongola, pakamwa pankagwera pansi ngati pa malemu bambo athu akamamvera wailesi. Misozi inayamba kutsika popanda chifukwa, ndipo sindinaipukute. Kenako tulo tinalowa, tulo teniteni, tija ndinasiyana nato ndili mtsikana. Tinayambira kumapazi, tinakwera m'maondo, tinafika m'chiuno. Manja anagwa okha pamphasa. Mumtima ndinati, kani kupuma ndi kumeneku.

Ndiye kanabwera kaganizo kakang'ono, kaulemu, kosalakwa konse, kakuti amayi a Loweruka ayenera kumva zimenezi. Sindinakaitane. Mawu anayamba kudzisanja okha m'mutu, mwaluso, monga amachitira m'mawa uliwonse. Okondedwa anga, lero ndaphunzira kuti nkhope nayonso imafuna kukhala pansi.

Tsaya lakumanzere linadumpha kubwerera m'malo mwake. Tulo tinatsika m'chiuno, m'maondo, n'kutulukira kumapazi. Kunja ndinamva nsalu zonyowa zikudzuka paudzu, zikudzikung'untha, zikuwoloka mtsinje. Zinafika pakhomo n'kuodira mwaulemu, zonse pamodzi, ndi mawu anga.

Ndinadzidzimuka ndili pansi pakati pa makatoni a tiyi, Lamulungu masana, nsapato za kutchalitchi zikadali kuphazi, foni ili pachifuwa. Chiganizo chija chinali m'kamwa chathunthu. Ndinachitembenuza uku ndi uku, ndinaona kuti n'chabwino, mwina chabwino kuposa zonse zimene ndinanenapo. Kenako ndinasukusula, ndinadzola, ndinakhala pakona paja n'kuchinena mofatsa, dzanja lili pamtima.

Anthu anachikonda kwambiri. Woyamba kulemba anali Mayi Chitekwe. Anati, "Mayi Sungeni, inu ndiye mumadziwa kupuma. Mulungu akusungireni ife."

Ndinawayankha ndi kankhope kachikasu komwetulira.