Mwana Amene Anaponda Zilembo

Nsungwi yosenzera ndowa inatera pamsana pa Suyin mwendo umodzi udakali m'malere. Kamtsikana ka zaka zisanu kanagwa chafufumimba pa zilembo zimene mayi ake, Lanying, analemba ndi khala pabwalo kuti kazidumphapo n'kumazitchula. M'dziko limenelo chilembo chimodzi chimaimira mawu athunthu.

"Ukuponda zilembo iwe?" anakalipa agogo ake, a Deshun. "Ukufuna uchite khungu?"

A Deshun sankatha kuwerenga ngakhale dzina lawo, koma zilembo ankazilemekeza kuposa anthu. Kapepala kalikonse kolembedwa ankakatola m'matope, kukaumitsa, n'kukakawotcha m'ng'anjo ya kukachisi monga ankachitira makolo. Buku m'nyumbamo linalipo limodzi, pamwamba pa guwa la makolo, ndipo ankaliwerenga ndi akangaude okha.

Lanying anataya dengu la mpiru n'kudziponya pamwamba pa mwana. Nsungwi yachiwiri inamupeza padzanja, chala chinathyoka.

"Ndalemba ndine, bambo. Menyani ine."

"Ndikumenyadi. Kwanu mumaminira mabuku eti?"

"Kwathu timawawerenga."

Yankho limenelo linamugulira ndodo ina ya m'nthiti.

Apa m'pamene Yutian, mwamuna wa Lanying, anatulukira kuchokera kumunda wa mpunga, matope mpaka m'mawondo. Anapeza mwana wake atadzipinda pakhoma, manja onse ali kumaso.

"Sindiyang'ananso, agogo. Sindiyang'ananso."

Mtima unamuwawa Yutian, chifukwa mawu amenewo anawalankhulapo iyenso. Ali wamng'ono anakhalira nyuzipepala, ndipo bambo akewa anamumenya mpaka khutu linatuluka magazi. Kuyambira pamenepo akaona zilembo thukuta linkangoti kamukamu. Sukulu anaithawa asanathe kulemba dzina.

"Ulangize mkazi wako," anatero a Deshun. "Kuwongola mtengo m'poyamba."

"Munandiwongola ine, bambo. Taonani mmene ndinawongokera."

Anayenda mpaka pakati pa bwalo n'kuika phazi lamatope pa chilembo. Nsungwi inamung'amba pachipumi, magazi anatsikira m'diso. Sanasunthe. Inabweranso paphewa. Itabwera kachitatu anaigwira, kuilanda, n'kuithyolera pabondo. Nkhalamba inadzandira n'kukhala pansi pafupi ndi khola la nkhumba.

"Chiyambire tsiku lija sindinapondepo chilembo," anatero Yutian. "Nanga khungu ndili naloli linachokera kuti?"



Yutian anatembenukira kukhoma. "Suyin, mwana wanga, chimene ndapondachi n'chiyani?"

Mwana sanachotse manja kumaso. Lanying, atafumbata chala chake, anafuna kuyankha, koma mwamuna wake anapukusa mutu. Anadikira, magazi akudontha pachibwano.

Kenaka zala ziwiri zinatseguka pang'ono.

"Mwachibisa ndi phazi, ababa."

Yutian anatukula chidendene.

"Ng'ombe," kanatero kamwanako chapansipansi.

"Ng'ombe? Zaka zonsezi ndakhala ndikuthawa ng'ombe, yomwe ndimalima nayo tsiku ndi tsiku?"

Palibe anaseka. A Deshun anadzuka, kutola zidutswa za nsungwi yawo, kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mpaka imfa yawo sanadyenso mpunga patebulo limodzi ndi mwana wawoyo.

Yutian anapukuta diso ndi malaya, n'kusunthira pa chilembo chotsatira.

"Nanga ichi?"

Suyin anatsitsa dzanja limodzi.